Akuba Awiri Kuseri kwa Nyumba

Aliyense wokhala ku Harare amadziwa kuti magetsi ali ndi nthawi yake. Madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, kwathu ku Highfield ankafika cha m'ma 10 usiku n'kuchoka kusanache, ngati mwamuna wamitala. Akangoti phethi, nyumba iliyonse imadzuka. Wina asite, wina atereke nyemba, wina achaje mafoni a banja lonse. Ine ntchito yanga inali kuyatsa PlayStation 5 n'kuyamba Call of Duty: Warzone ndi Chifundo, mnzanga wa ku Kawale amene pano ali ku Johannesburg.

Timachita lendi kanyumba kakuseri pa poloti ya agogo aPhiri, amene bambo awo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno m'nthawi ya chitaganya, cha m'ma 1950. Kanyumbako makoma ake ndi a njerwa imodzi. Mfuti ikalira pa TV pabalaza, kuchipinda amaimva ngati yalira pansi pa pilo. Amayi a Tadala anapirira kwa kanthawi, kenako anandipatsa zosankha ziwiri: ndigule zovala m'makutu, kapena PlayStation ipite pa Facebook ndi mtengo wake.

Ine sindigula chinthu mwachisawawa. Ndinatha mabando a intaneti kuonera azungu pa YouTube akukangana za mahedifoni, mpaka ndinafika poti ndikanatha kuphunzitsa kalasi. Pali otsekula kumbuyo ndi otseka. Otsekulawo, monga Sennheiser HD 600 amene akhala akupangidwa kuyambira 1997, akatswiri amawatamanda kuti mawu amamveka motakasuka, ndipo mu gemu umadziwa bwinobwino kumene mapazi a mdani akuchokera. Vuto lake, kumbuyo kwake kuli kasefa, ndiye zonse zomwe ukumva amamvanso amene wagona pafupi. Ukhala walipira madola mazanamazana kuti usokosere mkazi wako ndi mawu apamwamba. Kuwonjezera apo ndi a ma ohm 300, kutanthauza kuti amafuna mphamvu yambiri kuti alire mokwanira. Ukawalumikiza pa kabowo ka pa controller amangonong'ona, mpaka ugulenso amplifaya. Beyerdynamic DT 990 Pro a ma ohm 250 nkhani yake ndi yomweyo. Ndinawasiya ndi mtima wowawa.

Kenako za Bluetooth. Ndinkalota ndikuyendayenda m'nyumba popanda waya, koma PlayStation 5 salola mahedifoni wamba a Bluetooth, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mawu a pa Bluetooth amachedwa pang'ono kufika. Pa filimu umaona pakamwa patseguka kenako mawu akubwera m'mbuyo, ndipo mu gemu umamva mfuti utafa kale. Za 7.1, zoti mawu azimveka ngati akuchokera mbali zonse, zomwe amalemba ndi zilembo zikuluzikulu pamabokosi nazonso ndinazitulukira: m'kati mwa ambiri muli timasipika tiwiri basi, kamodzi khutu lililonse, zinazo ndi masamu a pakompyuta onamiza ubongo. PlayStation 5 ili kale ndi mawu ake a 3D amene amagwira ndi mahedifoni alionse a waya.

Nzeru zonsezi ndinazinyamula kupita nazo m'tauni, m'timashopu tija togawa chipinda chimodzi panayi. Kumeneko bokosi la mahedifoni a madola 350 umalipeza pa madola 15, chithunzi chomwecho, dzina lomwelo kupatula chilembo chimodzi. Anthu kuno amati zhing-zhong. Ukawagwedeza m'kati mumalira kanthu. Mnyamata wina wogulitsa, amene anamva kayankhulidwe kanga n'kuyamba kunditchula kuti achimwene, anandimvetsera mpaka ndinamaliza ulaliki wanga wa ma ohm. Kenako anatulutsa headset ya gemu yeniyeni, ya maikolofoni yotulukira pakamwa.

"Tengani iyi, achimwene. Ili ndi sidetone."

Ndinamufunsa kuti n'chiyani. Anati imabweza mawu ako m'makutu mwako kuti uzidzimva ukamayankhula. Ndinaseka. Ndilipire ndalama kuti ndizimva mawu anga, amene ndakhala ndikuwamva ulele chibadwire? Komanso munthu wa msinkhu wanga, bambo wa mwana, kukhala pabalaza ndi kamtengo pakamwa, ayi. Ine ndinkafuna zapamwamba, zoti ndikavala m'kombi anthu adziwe kuti mwakwera munthu.

Ndinawapeza pa Facebook, kwa mkulu wina wa ku Avondale amene ankagulitsa katundu wake yense popita ku UK. Otseka kumbuyo, achikopa chofewa, oletsa phokoso. Dzina lake sinditchula chifukwa pa nkhaniyi alibe mlandu, anagwira ntchito imene anapangidwira. Ndinalipira madola 180, koma kunyumba ndinanena 60, ndipo ngakhale 60 yomweyo inandibweretsera nsima yozizira.

Zoletsa phokosozi ndi ufiti wa azungu weniweni. Kunja kwa mahedifoni kuli timaikolofoni tomwe timamva phokoso likubwera, ndiye makina am'kati amatulutsa phokoso lotsutsana nalo, awiriwo n'kuphana asanafike m'khutu. Zimagwira kwambiri pa phokoso lokhazikika, monga jenereta kapena injini. Nditawavala m'kombi ya ku Machipisa, injini inangoti zii, hwindi, woitanira anthu uja, n'kumangoyasamula pakamwa popanda chotuluka. Za mawu a anthu zimene makina sanathe kupha, chikopa chija chimatsekereza, zotsalazo gemu imakwirira. Kunyumba ndinalumikiza waya pa controller, maikolofoni n'kugwiritsa ya pa controller pomwepo, ndipo amayi a Tadala anayamba kugona tulo tamtendere. Ndinkadziwa kuti usiku ndiyenera kunong'ona, ndipo m'mutu mwanga ndinkanong'onadi.

Zinthu ziwiri zinakumana sabata imodzi. Choyamba, m'dera mwathu munabuka akuba oba mabatire a sola ndi masilinda a gasi, moti pa gulu la WhatsApp la mumsewu mwathu anagwirizana kuti nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo, ikalira amuna onse atuluke. Chachiwiri, kunabwera apongozi anga aamuna kuchokera ku Dedza, pa basi yodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda, kudzaona mdzukulu wawo. Ndi mkulu wa mpingo, munthu woti chikwatireni mwana wawo sindinawayang'anepo m'maso. Akalowa pabalaza ine ndimapeza chochita panja. Anawayalira m'chipinda cha Tadala, mwanayo n'kupita kwa mayi ake.

Ndinadziletsa mausiku angapo chifukwa cha ulemu. Koma Lachisanu magetsi anabwera, nyumba yonse inali itagona, ndipo Chifundo anali atatumiza kale uthenga wonditchula mkamwini wamantha. Ndinazimitsa getsi, kuvala mahedifoni, dziko n'kutseka.

Tinasewera bwino usiku umenewo. Tinatsala magulu ochepa, titabisala m'nyumba ina yosanja, ndipo ndinamva mapazi kumanzere, kumbuyo, momveka ngati munthu akuponda pa simenti yathu. Madola 180 aja ndinawamva kukoma kwake.

"Chifundo, alowa! Awiri, kuseri kwa nyumba!"

Zimene zinkachitika kunja ndinazimva mawa lake kwa mboni zosiyanasiyana, ndipo zonse zimagwirizana pa mfundo imodzi: mawu anga anafika mpaka pa msewu wachitatu. Agogo aPhiri, amene masana amati samva bwino ukawauza za mpopi wodontha, anamva liwu lililonse. Analiza wezulo. Wezulo wa nyumba yoyandikana anayankha, kenako msewu wonse. Mai Tino a kutsidya kwa mpanda anakuwa kuti "Mbavha!", kutanthauza akuba m'Chishona, ndipo agalu onse a ku Highfield anavomera.

"Ali ndi mfuti! Samala, ali ndi mfuti!"

Pamenepa akuti amuna amene anali atafika kale pageti ndi mipini ndi mafosholo anabwerera m'mbuyo pang'ono, aliyense kupatsa mnzake mpata woti atsogole. Kuchipinda, amayi a Tadala anadzidzimuka ndi mawezulo, kumva mwamuna wawo akukuwa za mfuti, ndipo anakankhira mwana pansi pa bedi iwo n'kulowa pambuyo pake. Anaiwala zoti kuli gemu. Akuti ndikamasewera masiku onse ndinkakuwako ndithu, koma ankangondisiya poti sizinkafika pamenepa, komanso panja sipankalira mawezulo.

"Wina wakwera padenga! Padenga!"

Mdzukulu wa agogo aPhiri, mnyamata wa Form 4 amene amafuna kutchuka kwa atsikana a mumsewu, anakwera mpanda n'kudumphira padenga pathu kukaona. Anthu amene ankangofika kumene anakweza matochi, n'kuonadi munthu padenga, monga momwe mawu a m'nyumba ananenera. Miyala inayamba kugwa. Mnyamatayo anakuwa m'Chishona kuti ndi iyeyo, koma wakuba aliyense amanena zomwezo. Pothawa miyala anaponda pakati pa asibesitosi, mwendo umodzi n'kutulukira m'khitchini mwathu, pamwamba penipeni pa poto wa nyemba.

Ine zonsezi osamva kanthu. Ndinangomva kampando kakunjenjemera pang'ono, ndipo ndinati mumtima, koma mahedifoni awa ali ndi bass.

"Andiwombera! Ndagwa! Chifundo, bwera undidzutse, ndikufa!"

Apa ndi pamene apongozi anaganiza kuti mwana wawo sakhala wamasiye iwo akuona. Ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo, chifukwa pa amuna onse a usiku umenewo ndi okhawo amene analunjika kumene kunali mfuti. Anatuluka ndi ndodo yawo yoyendera, atavala vesiti ndi kabudula wam'kati, akukwawa m'mbali mwa khoma. Atafika pabalaza anapeza mdima, kuwala kwa TV, ndi mkamwini wawo atakhala kumapeto kwa mpando, khosi patsogolo, lilime panja, zala zikuvina. Akuti anandiitana katatu. "Bambo a Tadala. Bambo a Tadala." Kachitatu anatchula dzina langa lenileni, chinthu chimene sanachitepo. Kenako anandigogoda ndi ndodo paphewa.

Nthawi yomweyo mu gemu munthu anali atangondizembera kumbuyo. Ndinalumpha, controller kuuluka, n'kukuwa ndisanatembenuke:

"Galu iwe, wandipeza bwanji?"

Kenako ndinatembenuka.

Sindidziwa kuti tinayang'anana nthawi yaitali bwanji. Kanali koyamba kuwaona m'maso, komanso koyamba kuwaona mawondo. Ndinavula mahedifoni pang'onopang'ono, ndipo Highfield yense analowa m'makutu mwanga nthawi imodzi: mawezulo, agalu, amayi akulira, geti likugwedezeka, munthu akupemphera mokweza, ndi mawu ochokera kukhitchini akupempha kuti wina amukoke mwendo. M'mahedifoni amene anali m'manja mwanga, Chifundo ankamveka pang'ono akufunsa kuti bwanji ndangoima.

Mlandu unakambidwa m'mawa pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinafotokoza kuti palibe bodza limene ndinanena: analidi awiri, analidi kuseri kwa nyumba, ndipo mfuti anali nazo. Palibe amene anafunsa kuti nyumba yake iti. Mfundo imeneyi sinalandiridwe. Anandigamula kugula asibesitosi watsopano, loko wa geti, ndi mankhwala a mnyamata wa padenga, amene pano amayenda motsimphina mwadala akaona atsikana. Mai Tino anafunanso kuti ndiwabwezere madzi amene anawiritsa kuti athire akuba, poti magetsi ake anali ogula. Ndinawapatsa ma ZiG, ndalama za kuno ku Zimbabwe, amene ndinali nawo m'thumba, anawayang'ana, n'kunena kuti adikira madola.

Za galu zija apongozi sanazitchule pagulu. Anthu atabalalika anandiitana, ine n'kukhala pansi chapatali, maso kumbali.

"Tabweretsani zinthu zanuzo tione."

Ndinawaveka ndi manja awiri n'kudina batani. Nthawi imeneyo amayi a Tadala anali ataima pakhomo akufotokoza mbiri yanga yonse kuyambira tsiku la chinkhoswe, kuphatikizapo mtengo weniweni umene anaupeza mu foni yanga. Ndinaona nkhope ya apongozi ikumasuka. Anayang'ana mwana wawo akuyankhula, anayang'ana kumwamba, anatseka maso. Anavula, mawu n'kubwerera. Anavalanso. Anachita zimenezi kangapo.

"Batire lake limakhala nthawi yaitali bwanji?"

Ndinawauza kuti limatha tsiku lathunthu n'kupitirira.

"Mwandilakwira kwambiri, bambo a Tadala," anatero. "Kwathu nkhani yotere imafuna mbuzi. Koma poti muli kutali ndi kwanu, izi zikwanira."

Anakwera nawo basi Lolemba, atawavala kale. Ine ndinabwerera kwa mnyamata wa m'tauni uja, amene sanandifunse chilichonse, anangotsitsa bokosi lija pashelefu n'kuwonjezera madola 5 pamtengo. Dzulo apongozi aimba foni kuchokera ku Dedza. Akufuna ndiwatumizire waya wochajira, wakalewo mbuzi yatafuna, ndipo andichenjeza kuti apongozi aakazi akufunafuna nambala yanga.