Chigoba cha HIV: tsopano ndamvetsa momwe lenacapavir amagwirira ntchito

Mtima wanga wakhala pansi, anzanga. Nkhani ya lenacapavir, jakisoni wopewera HIV, yandizunguza mutu kwa nthawi yaitali, koma tsopano yalowa. Za reverse transcriptase ndi integrase, ma enzyme (mapuloteni ogwira ntchito) amene kachilombo kamadalira pochulukana, sindizibwereza, tonse tinaziloweza m'kalasi pophunzira za TLD, piritsi lija la ma ARV atatu. Chinkandivuta ndi ichi: ma ARV amene timapereka kuchipatala amatseka enzyme inayake ya kachilombo, koma jakisoni ameneyu sakhudza enzyme ayi. Amagwira capsid, chigoba chija timachijambula chosongoka mbali imodzi kenako n'kuchiiwala. Ndinkadzifunsa kuti chigoba chili ndi phindu lanji loti munthu n'kuchipangira mankhwala, poti kachilombo kakangolowa mu selo kamachivula n'kuchitaya?

Zoona zake n'zakuti sikachivula. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chigobacho chimalowa mu selo chili chathunthu, RNA (malangizo a chibadwa cha kachilombo) ili m'kati. Ntchito yosandutsa RNA kukhala DNA imachitikira momwemo, mobisika, kuti chitetezo cha selo chisazindikire kuti mwalowa mlendo. Chimayenda mpaka pa nucleus, chipinda cha m'kati mwa selo momwe mumakhala DNA yathu, n'kudzipanikiza pa kabowo kolowera, ndipo chimakatsegukira m'kati, pafupi ndi pamene DNA ya kachilombo ikalumikizidwe ku yathu. Mu 2021 akatswiri a ku Heidelberg ku Germany anaonetsa zithunzi za chigoba chathunthu chikudutsa pa kabowo kameneko. Nditaziona ndinangoti kukamwa yasa.

Tsono taganizani dzira la nkhuku. Likasweka msanga mwanapiye wafa, likalimba mopitirira muyeso mwanapiye satuluka. Chigoba cha HIV chilinso chimodzimodzi: chiyenera kulimba pa ulendo, kufewa pang'ono podutsa pa kabowo, n'kutseguka pa nthawi yake. Chimamangidwa ndi puloteni imodzi yokha yobwerezedwa pafupifupi ka 1,500, yolumikizana m'magulu a zisanu ndi chimodzi, ndi magulu 12 a zisanu amene amachipinda kuti chitsekeke. Lenacapavir amakakhala pa mpata wa pakati pa mapuloteni awiri oyandikana, pamalo pomwe mapuloteni a selo yathu amagwira akamachilowetsa mu nucleus. Malo aja akatengedwa, ndipo chigoba chikauma, ulendo wathera panjira. Ngakhale tizilombo tatsopano timene tikupangidwa timatuluka ndi zigoba zopotoka, zosatha kugwira ntchito. Mankhwala amodzi, koma amatchinga polowa ndi potuluka pomwe. Ndikubwerezanso chifukwa ndi chimene chanditsegula maso: chigoba si chovala, ndi chiwalo chogwira ntchito kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Ndinamvetsa izi pojambula, ndipo ndikunenetsa kuti palibe njira ina yophunzirira sayansi yoposa imeneyi. Tengani pepala ndi pensulo, tsekani buku, jambulani ulendo wa kachilombo kuchokera pa khoma la selo mpaka mu nucleus, osalemba mawu alionse. Pamene dzanja laima, pamenepo ndi pamene simunamve. Langa linkaima nthawi zonse pa khomo la nucleus, chifukwa ndinalibe chonyamulira DNA ija. Ena amati amamva bwino pokambirana m'magulu, koma ine ndaona kuti m'magulu timangobwerezerana zimene taloweza. Chimene sungathe kuchijambula sunachidziwe, basi.

Chimandipweteka ndi choti manotsi amene tinapatsidwa m'kalasi akunenabe zakale zija, zoti chigoba chimasungunuka kachilombo kakangolowa. Aphunzitsi amawerenga, ife n'kumakopera, ukafunsa funso yankho n'loti nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Sindikuti ndi aulesi, nawonso ali ndi makalasi odzaza. Koma tikukonzekera kukapereka mankhwala amene sayansi yake yasintha, pomwe ife tikuloweza chithunzi chimene chinatsutsidwa kale. Nanga nthawi yofufuza wekha uipeza kuti? Masana uli ku wodi, madzulo magetsi azima, bandulo ya intaneti imatha vidiyo isanafike pakati.

Ndipo kwa ife a ku Thyolo iyi si nkhani ya mayeso chabe. Tinakula tikuona maliro a matendawa m'midzi ndi m'maesiteti a tiyi, tinaonanso anthu akudzuka pamphasa ma ARV atafika. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1, amene anachitika ku South Africa ndi Uganda pakati pa atsikana ndi amayi achichepere oposa 5,000, mwa anthu 2,134 amene analandira lenacapavir panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga HIV. Zotsatirazi zinatuluka mu 2024, ndipo magazini ya Science inati imeneyi ndiyo nkhani yaikulu ya sayansi m'chaka chimenecho. Mu 2025 dziko la America linavomereza jakisoniyu ngati njira yopewera, bungwe la WHO nalo linatsatira m'chaka chomwecho. Kubaya pansi pa khungu la pamimba kawiri pachaka, m'malo mwa piritsi la tsiku ndi tsiku limene mtsikana amachita kulibisa m'chikwama kuopa kufunsidwa. Zimatheka chifukwa mankhwalawa ndi amphamvu ngakhale atachepa kwambiri m'magazi, komanso amatuluka pang'onopang'ono kuchokera pamene anabayidwa.

Koma kuchedwa kutuluka komweko ndi kumene kwandisiya ndi nkhawa. Munthu akapanda kubwera pakatha masabata 26, mankhwala samatheratu, amatsala ochepa m'thupi kwa miyezi yambiri. Akatenga kachilombo nthawi imeneyo, kakhoza kuphunzira kuwapirira, n'chifukwa chake kuyezetsa magazi n'kofunika pa jakisoni aliyense. Ndikuganiza za mayi wa ku Thekerani amene tsiku lake lagwera mu Febuluwale, msewu uli matope okhaokha, kapena wothyola tiyi amene sangasiye ntchito nyengo ya masamba ambiri. Pa kafukufuku anthu ankatsatiridwa mwachidwi. Kuno tidzakwanitsa kutero? Mbali ya chigoba ndaigwira ndithu, pa imeneyo sindikukayika. Koma ngati ziro uja wa pa kafukufuku angakhalebe ziro m'mapiri athu ano, mtima wanga ukunena pawiri, ndipo pensulo sikundithandiza pamenepa.