Ulendo wa ku Namwera, mbatatesi ya amalume ikufota

Ndangofika kumene pa boma ku Mangochi kuchokera ku Namwera, mutu ukuwawa koma ndati ndilembe kaye ndisanagone. Dzulo amalume anaimba foni, "mphwanga tabwera udzaone, mbatatesi yanga ikufota chonsecho madzi ndikuthirira daily." Ndiye m'mawa ndinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa Bakili Muluzi Bridge nkuyamba chitunda chija, kumtunda kuja kumazizirako ndithu nchifukwa chake mbatatesi imayesako kusiyana ndi kuno kunyanja.

Kudimba ndakapeza mizere itatu yafoteratu masamba akadali obiriwira. Tinadula tsinde limodzi nkuviika mu tambula ya madzi oyera, posakhalitsa tinaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika, tinang'ambanso mbatatesi imodzi mkati muli mzere wa bulauni wozungulira ndipo ukafinya mukutuluka zonga mafinya. Amenewa ndi matenda a bakiteriya aja ofotetsa, mankhwala opopera palibe, ndipo amatsalira mu dothi zaka ndithu.

Nditafunsa za mbewu amalume anati anagula pamsika, timbatatesi ting'onoting'ono totsala a chiwaya akasankha zikuluzikulu zochokera ku Ntcheu. Apa mpamene mtima unandiwawa chifukwa anthu ambiri kwathu timatero, timaona ngati tapulumutsa ndalama koma nthawi zambiri tating'onoto ndi tomwe tinabala pa mbewu yodwala kale, ndiye wagula matenda ndi ndalama zako nkukawadzala wekha mmunda mwako, feteleza yemwe wadula chonchiyu nkupita pachabe. Mbewu yabwino ilipo, kuli Chuma, Zikomo, Thandizo, ndipo ku Bembeke ku Dedza kuli malo a kafukufuku wa mbatatesi, vuto ndi lakuti kuti ifike mmanja mwa mlimi wa ku Namwera ndi ntchito.

Zodwalazo tazula pamodzi ndi dothi lake nkukataya mdzenje kutali, makasu tatsuka. Ndawapempha kuti pamenepo asadzalepo tomato kapena fodya, poti ndi banja limodzi ndi mbatatesi, bola chimanga kapena nyemba kaye. Amalume sanakondwe ndi za tomatozo poti ndiye amawapatsa ya sopo, koma amva.

Mawa akaonana ndi alangizi awafunse komwe angapeze mbewu yovomerezeka komanso mtengo wake, ine ndalonjeza kuthandizapo theka mwezi ukatha.