Master cylinder ya inchi imodzi pa Mazda MX-5: pedulo imalimba, koma wolipira ndi mwendo

Aliyense amene anayendetsapo Mazda MX-5 yoyambirira, ija inatuluka mu 1989 ndipo ku Japan inkagulitsidwa ndi dzina lakuti Eunos Roadster, amadziwa kuti galimotoyi sivuta kuimitsa chifukwa ndi yopepuka, pafupifupi tani imodzi, koma pedulo yake ya buleki imatsika kamtunda ndithu isanalimbe. Eni ake ambiri, makamaka ku America, amathetsa dandaulo limeneli pochotsa master cylinder yobwera nayo (pampu imene pisitoni yake imakankhira mafuta a mabuleki ku matayala mukaponda pedulo), imene bowo lake ndi 7/8 ya inchi, n'kuikapo ya inchi yathunthu yochokera pa Mazda 929, popeza imamangika pa booster (chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi pa buleki injini ikulira) ya MX-5 popanda kuboola malo atsopano. Inenso ndinatero pa yanga, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amene amalimbikitsa ntchitoyi amatchula phindu lokha, osanena chimene munthu amataya.

Nkhani yonse yagona pa kukula kwa nkhope ya pisitoni. Bowo la 7/8 ya inchi ndi mamilimita 22.2, pamene la inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma mukawerengera malo onse amene pisitoni imakankha mafuta, yoyambayo ili ndi masikweya milimita pafupifupi 388 ndipo yachiwiriyo 507, kutanthauza kuti yakula ndi 31 peresenti. Pisitoni yaikulu imatumiza mafuta ambiri ikangosuntha pang'ono, choncho ma pad, timapale tokhuzana ndi disiki yozungulira limodzi ndi tayala, amafika pa disikiyo pedulo isanapite patali, ndipo mtunda umene phazi limayenda umafupika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma mfundo imene Blaise Pascal, katswiri wa sayansi wa ku France, anafotokoza zaka za m'ma 1600 sinasinthe: mphamvu yomweyo ya mwendo ikagawidwa pa malo aakulu, kupanikizika kwa mafuta m'mapaipi kumachepa. Kuti ma caliper, zipangizo zimene zimapanikiza ma pad, afinye disiki monga ankachitira kale, muyenera kuponda mwamphamvu kuposa kale ndi 31 peresenti yomweyo.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi amene amanena kuti master cylinder yaikulu imawonjezera mphamvu ya mabuleki. Siwonjezera ngakhale pang'ono. Chimene chimaimitsa galimoto ndi matayala pa phula, ndipo ngati mabuleki akale ankatha kumanga matayala onse, atsopanowa sangaimitse galimoto pafupi kuposa pamenepo. Chimene chimasintha ndi mmene phazi limamvera. Pa pedulo yofewa mumayeza buleki ndi mtunda umene phazi latsika, pamene pa yolimba mumayeza ndi mphamvu imene mwaikapo, ndipo kwa ine njira yachiwiriyi ndi yosavuta kuilamulira polowa pakona, makamaka pamene chidendene chikufunika kugunda pedulo ya moto posintha giya kwinaku nsonga ya phazi idakali pa buleki.

Musanagule chilichonse, ndi bwino kutsimikiza kuti kufewako kukuchokeradi ku kukula kwa bowo, chifukwa nthawi zambiri gwero limakhala kwina. Mpweya wotsalira m'mapaipi umafinyika pamene mafuta safinyika, ndipo ndiwo woyamba kuukayikira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita nthawi. Mafuta a mtundu wa DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika cha pa 155, moti potsika chitunda chachitali ngati cha ku Chikwawa pedulo imatha kumira ngakhale zitsulo zonse zili bwino. Mapaipi a labala akakalamba amafufuma mukaponda, ndipo olukidwa ndi waya kunja amachepetsa vutolo pa mtengo wotsika. Palinso khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, pamene booster imamangidwa. Pemphani mnzanu aponde buleki mwamphamvu inu mutatsegula boneti, ndipo mudzaona master cylinder yonse ikusunthira kutsogolo. Kachitsulo kochirikiza kumapeto kwake kamabweza gawo lina la kulimba kumene kumatayikira pamenepo. Ngati pedulo imamira pang'onopang'ono mutaigwira pamalo amodzi, ndiye kuti malabala a mkati mwa master cylinder atha, ndipo yatsopano ya kukula komweko ikwanira.

Pa galimoto yanga chifukwa chinali china. Ndinali nditaika kutsogolo ma caliper a mapisitoni anayi, amene amafuna mafuta ochulukirapo kuti adzaze, ndipo pedulo inatalika kuposa mmene inalili, ngakhale mpweya unali utachotsedwa bwino. Zikatero master cylinder yaikulu imangobwezeretsa mgwirizano pakati pa pisitoni yotumiza ndi mapisitoni olandira. Kwa munthu amene akadali ndi ma caliper obwera ndi galimoto, ndikuona kuti inchi yathunthu ndi yopyola muyeso. Mazda yeniyo, pamene inakulitsa mabuleki pa MX-5 zina za m'badwo wachiwiri kuyambira 2001, inangofika pa 15/16 ya inchi, imene imawonjezera malo ndi 15 peresenti yokha.

Ntchito yomanga si yovuta kwa munthu wozolowera sipanala, koma ili ndi malo awiri ofunika kudekha. Poyamba, master cylinder yatsopano iyenera kuchotsedwa mpweya ili pa benchi, isanalowe m'galimoto, polumikiza timapaipi tobwerera m'kabotolo ka mafuta ndi kukankha pisitoni pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya, chifukwa ikamangidwa imakhala yopendekeka ndipo mpweya wokodwa kunsonga suchoka msanga. Kwanga mapaipi achitsulo anafunika kupindidwa mwatsopano, popeza mabowo ake sanali pamalo ofanana ndi akale, ndipo mafuta ogwera pa penti ndinkawatsuka ndi madzi nthawi yomweyo chifukwa amaidya.

Malo achiwiri, amene ambiri amawalumpha, ndi kandodo kotuluka mu booster kukakankha pisitoni. Kakafupika, pedulo imayenda pachabe isanayambe kugwira, ndipo kulimba kumene munalipirira kumatayika pomwepo. Kakatalika, pisitoni sibwerera mpaka kumapeto, kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo kamatsekeka, ndipo mafuta akatentha n'kufutukuka mabuleki amayamba kudzigwira okha galimoto ikuyenda. Mpata woyenera ndi wochepa kwambiri, wongokwanira kuti ziwirizi zisakankhane phazi likachoka, ndipo uyenera kuyezedwa ndi chida, osati ndi maso.

Panopa pedulo yanga imagwira pamwamba ndipo imakhala pomwepo, zomwe ndimakondwera nazo pa msewu wokhotakhota. M'tauni, pa mzere wa magalimoto, mwendo umadziwa kuti ukugwira ntchito, ndipo munthu wobwereka galimotoyi ndimamuchenjeza asananyamuke. Ndinayesanso, pamalo opanda anthu ndiponso pa liwiro lochepa, kuima injini itazima ndipo booster itatha mpweya wake, chifukwa pamenepo 31 peresenti ija imagwera yonse pa ntchafu popanda chothandizira. Galimoto inaima, koma ndinachita kukankhira msana pa mpando, ndipo aliyense woganiza zoika inchi imodzi ndikumulangiza kuti ayese zimenezi pa yake yakale kaye, kenako adzifunse ngati mwendo wake ungawonjezere gawo limodzi mwa magawo atatu pamwamba pake.