Momwe ndinalimbanirana ndi Pub/Sub mpaka SMS inasiya kupita kawiri

Ntchito yake poyiona inali yaing'ono. Mayi ena ali ndi shopu ya ziwiya za m'nyumba ku Lilongwe, anthu amaoda pa webusaiti yomwe ndinawapangira, ndiye amafuna kuti munthu akangooda alandire SMS yomuuza kuti oda yalandiridwa. Poyamba code yotumiza SMS ndinaiika pomwepo pamene oda ikusungidwa, koma kumene timagula ma SMS nthawi zina kumachedwa kuyankha, kasitomala amangoona kachizindikiro kakuzungulira pa foni mpaka kuganiza kuti sizinadutse ndiye amadinanso, oda imodzi kukhala ziwiri. Ndinaganiza zozipatula, webusaiti izingonena kuti kwabwera oda basi, pulogalamu ina payokha izitola nkhaniyo n'kutumiza SMS pa nthawi yake. Pakati pa ziwirizi ndinaikapo Pub/Sub ya Google Cloud, yomwe imanyamula mauthenga kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku ina, poti webusaiti inali kale komweko.

Zinthu zake ndi ziwiri zomwe muyenera kuzisiyanitsa kuyambira pachiyambi. Topic ndi pomwe mumaponya uthenga. Subscription ndi mzere womwe uthengawo umadikirira woutenga, ndipo topic imodzi itha kukhala ndi ma subscription angapo, iliyonse imalandira kope lake la uthenga uliwonse. Ine ndimalemba Python ndiye laibulale yake ndinaiika ndi pip install google-cloud-pubsub, mu code mumaitana pubsub_v1 kuchokera mu google.cloud, mmenemo muli PublisherClient wotumiza ndi SubscriberClient wolandira.

Bandulo ndi yodula anzanga, sindinafune kuti kuyesa kulikonse kuzipita pa intaneti. Google ili ndi emulator, Pub/Sub yoyeserera yomwe imayenda pa kompyuta yako, mumaiika ndi gcloud components install pubsub-emulator, imafuna Java, kenako gcloud beta emulators pubsub start. Mukaika PUBSUB_EMULATOR_HOST kuti iziloza ku localhost:8085 laibulale imapita yokha kumeneko osasintha mzere ngakhale umodzi wa code. Chomwe muyenera kudziwa n'choti emulator siyang'ana zilolezo, chilichonse imavomera, ndiye tsiku lomwe ndinasamukira ku project yeniyeni ndinalandiridwa ndi 403 PermissionDenied, kundiuza kuti ndilibe chilolezo. Pa laputopu yanga gcloud auth application-default login inakwana, koma webusaiti imayenda ndi service account yake, akaunti ya pulogalamu osati ya munthu, imeneyo ndinaipatsa roles/pubsub.publisher, ya pulogalamu yolandira roles/pubsub.subscriber. Ndaonapo anthu akungopatsa Owner kuti zithe msanga, chonde musatero, kiyi ya service account imeneyo ikatayika munthu wapeza project yonse.

Kutumiza sikunandivute kwambiri. Dzina la topic limafunika lonse lathunthu, topic_path imakupangirani mukaipatsa project ndi dzina lalifupi. Uthenga uyenera kukhala bytes, mukapereka mawu wamba imakana ndi TypeError, ndiye ine ndimaika oda mu JSON kenako encode. Malire ndi 10 MB pa uthenga umodzi koma wanga uli ndi nambala ya oda, nambala ya foni ndi ndalama basi. Publish sidikira, imakubwezerani future, lonjezo loti yankho libwera pambuyo pake, nthawi yomweyo chifukwa laibulale imasonkhanitsa mauthenga kaye n'kuwatumiza pamodzi, ndiye ndimaitana result pa future ija kuti ndilandire message id, apo ndiye ndimadziwa kuti wafikadi. Komanso PublisherClient mupange m'modzi pulogalamu ikamadzuka, osati watsopano pa oda iliyonse.

Ndinatumiza mauthenga asanu oyesera, kenako ndinapanga subscription, n'kukhala pansi kudikira. Zii. Ndinatha madzulo onse ndikufufuza code ya wolandira pomwe vuto silinali kumeneko, subscription imalandira okhawo omwe atumizidwa iyo itapangidwa kale, asanu aja panalibe mzere woti adikirirepo. Ndiye dongosolo ndi topic, subscription, kenako kutumiza. Vuto lachiwiri linabwera pompo, subscribe nayonso sidikira, imayatsa ntchito kumbuyo n'kubwerera, pulogalamu yanga imangofika kumapeto n'kutseka isanalandire kanthu. Pamafunika kuitana result pa chomwe subscribe yabweza kuti ikhale maso, uthenga ukafika callback yanu, code yomwe munalemba yoti ithane ndi uthengawo, imaitanidwa.

Zonsezi n'zazing'ono. Chomwe chinandiphunzitsa kwenikweni ndi foni yomwe mayi aja anandiimbira patatha masabata awiri, akuti achimwene, makasitomala akudandaula kuti uthenga ukubwera kawiri, wina wafunsa ngati tamudula ndalama kawiri. Zinandipweteka chifukwa kwa munthu amene walipira ndi mobile money meseji yachiwiri si nkhani yaing'ono, mtima umakwera.

Pulogalamu yolandira tinaiika pa laputopu yakale kuseri kwa shopu kuti tisawonjezere bilu, ndipo batire lake linafa kalekale. Magetsi akathima kapena netiweki ikaduka pakati pa ntchito, zimachitika kuti SMS yapita koma ack sinafike ku Pub/Sub. Ack ndi mawu omwe wolandira amabweza onena kuti uthenga uwu ndathana nawo, ufufuteni pa mzere. Pub/Sub imadikira masekondi 10 ngati simunasinthe, mutha kukweza mpaka 600, ndipo laibulale ikakhala yamoyo imapempha yokha nthawi yowonjezera callback ikadali pa ntchito. Koma laputopu yazima ndani apemphe? Nthawi imatha, uthenga umabwerera pa mzere, magetsi akayaka umabweranso ngati watsopano. Sikuti china chawonongeka ayi, anaipanga choncho dala, lonjezo lake ndi loti uthenga ufika kamodzi kapena kupitirira apo, osati kamodzi kokha. Ine ndi amene ndinalemba code ngati kuti ufika kamodzi.

Maganizo oyamba anali oti ndiziika ack kumayambiriro kwa callback ndisanatumize SMS. Kawiri kuja kutha inde, koma magetsi akathima pakati uthenga watayika mpaka kalekale ndipo palibe amene angadziwe. Ndinakana. Ack inakhala kumapeto, ndipo ndinapanga tebulo mu database lokhala ndi nambala ya oda yomwe singalembedwe kawiri. Uthenga ukafika ndimayamba ndayang'ana, ngati oda imeneyo yalembedwa kuti SMS inapita ndimangochita ack n'kudutsa, ngati ayi ndimatumiza, kulemba, kenako ack. Ndinasankha nambala ya oda osati message id mwadala, chifukwa webusaiti ikatumiza oda yomweyo kachiwiri poganiza kuti poyamba sizinadutse, uthenga wachiwiriwo umapatsidwa id ina, koma nambala ya oda ndi yomweyo.

Mpata ukadalipo pang'ono, pakati pa SMS kupita ndi ine kulemba mu tebulo, koma ndi kanthawi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo pa ziwirizi bola munthu alandire kawiri mwa apo ndi apo kusiyana ndi kusalandira konse. Pali exactly-once delivery, kutanthauza kufika kamodzi kokha, yomwe mutha kuyatsa pa pull subscription, ya mtundu womwe wolandira amakatenga yekha mauthenga ngati yathuyi, ndinaiwerenga bwinobwino, imathandiza kuti uthenga womwe ack yake yalandiridwa usabwerenso, koma SMS yomwe yatuluka kale magetsi asanathime siingaibweze. Tebulo lija likufunikabe.

Kenako kunabwera kasitomala wolemba nambala ya foni yoperewera. Kutumiza kumakanika, code yanga imachita nack, kuuza Pub/Sub kuti zakanika ubwerenso, uthenga umabwerera pompopompo, kukanikanso, choncho usiku wonse. Apa ndinakonza zinthu zitatu. Nambala ikakhala yolakwika poyera sindichitanso nack, kuyesa kachikwi sikungaikonze, ndimailemba pambali n'kuchita ack. Pa subscription ndinayatsa retry policy yoti izidikira kaye isanabweze uthenga, kuyambira masekondi 10 n'kumatalikira mpaka 600. Ndipo ndinapanga dead letter topic, topic ya mauthenga okanika, uthenga ukakanika kasanu umapita kumeneko, mutha kusankha pakati pa 5 ndi 100. Apa pali msampha, Pub/Sub ili ndi service account yakeyake mu project yanu, yothera ndi gcp-sa-pubsub.iam.gserviceaccount.com, imeneyo muyenera kuipatsa chilolezo chotumiza pa dead letter topic ndi cholandira pa subscription yoyamba, apo ayi uthenga sumasamuka. Ndipo dead letter topic nayonso ikufunika subscription yake, phunziro la mauthenga asanu lija.

Flow control, malire a mauthenga omwe wolandira amagwira nthawi imodzi, ndinaitsitsanso. Laibulale ya Python imatha kugwira mauthenga mpaka 1000 nthawi imodzi, kwa kalaputopu kaja komanso netiweki yathu ndinaika max_messages pa 10, magetsi akathima omwe ali m'manja amakhala ochepa.

Ndalama sitinalipirepo pa Pub/Sub, 10 GiB yoyamba mwezi uliwonse ndi yaulere ndipo ma oda a shopu imodzi sayandikira n'komwe. Chomwe mungaiwale n'choti subscription yomwe yakhala masiku 31 popanda woigwiritsa ntchito imafufutidwa yokha, yathu ndinaiika kuti isamathe.

Chomaliza chinatulukira Lolemba lina. Laputopu inazima Loweruka masana shopu itatsekedwa, palibe anaiyatsa, ma oda a Loweruka ndi Lamulungu anadikira bwinobwino pa mzere poti Pub/Sub imasunga mauthenga opanda ack masiku 7. Mmawa itayatsidwa onse anatuluka nthawi imodzi, palibe uthenga womwe unatayika, koma munthu amene anaoda dzana kumuuza lero kuti oda yanu talandira sizikumveka. Uthenga uliwonse umabwera ndi publish_time, ndiye pano ukapitirira maola 6 SMS sipita, oda imalowa pa mndandanda womwe mayi aja amauona akatsegula shopu, ndipo anthu amenewo amawaimbira okha foni.