Makalata a agogo ochokera ku Burma

Anthu ambiri amavutika kusaka fayilo ya usilikali ya agogo awo poganiza kuti nkhani yonse ili momwemo, koma zoona zake mapepala a boma aja amangokuuza pang'ono. Agogo anga aamuna anali a Keyala, King's African Rifles, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nde kabuku kawo ka usilikali muli nambala, udindo, tsiku lolowa, tsiku lotuluka, mamendulo, basi. Burma Star, mendulo ya omwe anamenya nkhondo ku Burma, yangolembedwa kamzere kamodzi.

Komatu kamzere kameneko ndi 1944 yathunthu. Gulu lawo la 11th East African Division linayamba lakhala ku Ceylon kuphunzira nkhondo ya m'nkhalango, kenako nkulowa chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pachimake, matope, malungo, misundu, kuthamangitsana ndi ma Japan mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin chaka chikutha.

Tsono ukatsegula makalata awo zonsezi mulibe ngakhale pang'ono. Sakutchula malo, sakutchula nkhondo, paja kalata isanapite ofesala amayamba wawerenga nkufufuta zomwe sanafune. Komanso agogo sankalemba okha, zilembo zikusintha kalata iliyonse, kusonyeza kuti amachita kupempha anzawo odziwa kulemba, nde tangoganizani munthu ukufuna kuuza mkazi wako za kumtima koma zidutse kaye m'makutu mwa mnzako kenako m'maso mwa mzungu. Zomwe zatsala ndi mafunso okhaokha, ndalama ndinatumiza zija zinafika kodi, mwana wayamba kuyenda, amayi akupeza bwanji.

Pomwe panandigwira mtima mpamene ndinaika mapepala awiriwa pamodzi. Kabuku kakuti mwezi wakuti anagonekedwa m'chipatala, kalata ya mwezi omwewo akuuza agogo aakazi kuti ali bwinobwino asadandaule. Sanafune kuti munthu kumudzi azigona ndi nkhawa, ndipo nkanangowerenga pepala limodzi sinkanazidziwa.

Ngati kwanu kuli mapepala oterewa chonde ajambuleni pa foni lero lomwe, mbali zonse ndi envulopu yomwe chifukwa chidindo chimathandiza kudziwa deti, ndipo musawamate pulasitiki yotentha ija, amaonongeka. Posaka gwiritsani nambala osati dzina lokha, makalaliki ankalemba maina m'mene amvera ndipo ena analowa usilikali ndi dzina lina. Ngati munthuyo sanabwerere yesani pa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ngakhale iwo eni anavomera mu 2021 kuti asilikali ambiri a ku Africa, makamaka a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, maina awo sanalembedwe pa manda kapena pa chipilala chilichonse.