Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mawu amene ndinapezamo bambo anga

Paja sabata yatha ndinalekezera pamene ndinayamba ntchito yosamalira okalamba ku Kirkcaldy, ku Scotland, mu 2009. Lero ndikambe za liwu limodzi lokha la Chingerezi, loti dour.

Panali agogo ena aakazi amene ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse. Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha malemu amuna awo, nkhope ya pachithunzipo ili ndwii. Anati mwamunayo anali dour, kenako n'kupsompsona chithunzicho. Mutu wanga unaima. Mkazi angapsompsone bwanji munthu amene wangomunena kumene?

Liwuli ndi la komweko ku Scotland, ndipo akuti linachokera ku liwu la Chilatini lakuti durus, kutanthauza cholimba. Ku England ena amalitchula pafupifupi ngati duwa lathu lija, ena ngati dawa. Limanena munthu wosasekaseka, wa tsinya pamphumi, wa mawu ochepa, amene akanena chinthu sasunthika. Nthawi imeneyo nyuzipepala zinkalemba choncho za Gordon Brown, nduna yaikulu ya Britain, mwana wa m'busa amene anakulira mu Kirkcaldy momwemo. Ngakhale mpira wosakoma, wongokankhana popanda chigoli, amaunena ndi liwu lomweli.

Koma ine chinandigwira n'chakuti liwuli silinena za nkhanza.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo wa CCAP kwathu ku Domasi. Mano awo sindikumbukira kuwaona. Akamalowa pakhomo, ife ana tinkangoti zii, aliyense n'kufunafuna ntchito yogwira. Nditakhoza mayeso a Sitandade 8 anangogwedeza mutu n'kupitiriza kunola chikwanje. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zaka zonsezo mumtima ndinkawatcha ouma mtima, poti dzina lina loti ndiwapatse ndinalibe. Chonsecho ndi omwewa amene anagulitsa njinga yawo kuti andilipirire fizi ku sekondale, n'kumayenda wapansi kupita ku Zomba. Sanandiuze. Ndinamva kwa amayi patapita zaka.

Usiku umenewo ndinagula khadi loimbira foni kumudzi. Anayankha okha.

"Bambo, ndine. Ndimafuna ndingomva mawu anu."

Anakhala chete kanthawi, ine ndikumva nkhuku zikulowa m'khola.

"Kukuzizira kumeneko?"

"Kwambiri, bambo."

"Uzivala juzi. Lankhula ndi mayi ako."