Kaundula padera, mawu a anthu padera

Boma likafuna kumva maganizo a anthu pa ndondomeko ya zachikhalidwe, olemba amafika pabwalo la mfumu kapena m'kalasi ya pulayimale, pepala n'kuyamba kuzungulira: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, siginecha kapena chala. Tonse tinalizolowera pepalali ku misonkhano ya feteleza ndi ya chitukuko, ndiye palibe amaliwopa. Koma nkhani ya chikhalidwe ndi ina. Kuno ku Kasungu, bambo amene wafotokoza bwino mmene dambwe lingatetezedwere wadziulula kuti anagula njira, ndipo ngati ali mkulu wampingo, mawu amenewo akhoza kumudulitsa. Mayi amene wadandaula za zina zochitika kuchinamwali akhoza kudana ndi anamkungwi a m'mudzi mwake. Wina akanena kuti malo a kachisi anagulitsidwa, ndiye kuti waloza chala mfumu imene mawa adzapiteko kukapempha malo olima.

Lamulo lilipo. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mawailesi. Limati zinthu monga mtundu wa munthu, chipembedzo chake ndi za umoyo wake zimafuna chisamaliro choposa. Pa zokambirana za chikhalidwe pafupifupi yankho lililonse limakhudza mtundu kapena chipembedzo, choncho mtolo wonse wa mapepalawo uzisamalidwa motero.

Ntchito imayambira pa fomu, galimoto isananyamuke. Funso lililonse lofunsa za munthu mwini lizikhala ndi chifukwa chimene wolemba angachinene pakamwa. Nambala ya chiphaso ikufunika chifukwa cha ndalama ya thiransipoti? Chabwino, ipite pa pepala la malipiro, osati pa fomu ya maganizo. Tsiku lobadwa silifunika. Gulu la zaka, monga 18 mpaka 35, 36 mpaka 59, 60 kupita m'tsogolo, ndi lokwanira. Funso loti "kodi munavinidwa?" kapena "munameta?" lisalembedwe n'komwe. Amene akufuna kunena adzanena yekha.

Mapepala akhale atatu, ndipo asamayende m'chikwama chimodzi. Loyamba ndi kaundula wa obwera ndi malipiro, limene limapita kwa a zachuma basi. Lachiwiri ndi fomu ya maganizo, yopanda dzina, yokhala ndi nambala yokha, mwachitsanzo KU-03-017: boma, msonkhano wachitatu, munthu wa 17. Lachitatu ndi kiyi, pepala lolumikiza nambala ndi dzina, ndipo lizisungidwa ndi munthu mmodzi m'kabati yokhoma. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti olemba amapereka manambala motsatira mzere wa kaundula, woyamba kusaina n'kukhala 001, wachiwiri 002. Mukatero kaundula yemweyo wasanduka kiyi, ndipo aliyense wa ku ofesi ya zachuma angathe kudziwa amene ananena chiyani. Sakanizani makadi a manambala m'chipewa, aliyense atole lake.

Chilolezo chisamangokhala siginecha. Chiwerengedwe mokweza m'chinenero cha pamalopo, Chichewa kwa Mwase, kwa Lukwa kapena kwa Santhe, ndipo kumtunda cha kwa Kaluluma pakhale womasulira m'Chitumbuka. Anthu amve kuti akutolera ndani, mawu apita kuti, asungidwa mpaka liti, ndi kwa yani kumene munthu angapite akafuna kuona, kukonza kapena kuchotsa zake. Kulola kuyankhula, kulola kujambulidwa mawu ndi kulola chithunzi ndi zinthu zitatu zosiyana. Funsani chilichonse pachokha. Chilolezo cha a gulupu ndi chotsegulira mudzi, koma sichilowa m'malo mwa cha munthu mwini. Kwa ana osakwana zaka 18 pafunika chilolezo cha kholo. Ndipo zinenedwe momveka kuti wokana kujambulidwa alandirabe thiransipoti yake, apo ayi anthu amavomera chifukwa cha ndalamayo.

Pabwalo lalikulu palibe chinsinsi, ndipo ndi bodza kulonjeza kuti chilipo. Nkhani zovuta zipite ku magulu a anthu 8 mpaka 12, amayi paokha ndi wolemba wachizimayi, achinyamata paokha, mafumu paokha. Za kudambwe asalembe munthu wosameta. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma kutchuka kumeneko sikunatsegule zonse. Dzina la munthu amene ali m'chilombo silikhala pa pepala la boma, ngakhale litatchulidwa mwangozi. Likamveka mu rekoda, chidutswacho chidulidwe tsiku lomwelo.

Kumene zinthu zimatayikira kwambiri ndi m'mafoni. Wolemba amajambula kaundula pa foni yake n'kuponya pa gulu la WhatsApp kuti abwana aone kuti msonkhano wachitika, ndipo mayina 60 ndi manambala awo alowa m'mafoni a anthu amene ntchito yawo ikutha Lachisanu. Umboni wa msonkhano ukhoza kukhala chiwerengero cha amuna ndi akazi, ndi chithunzi chojambulira kumbuyo. Ngati mukugwiritsa ntchito tabuleti ndi pulogalamu yotolera mayankho ngati KoboToolbox, yang'anani funso la GPS, lija lolemba malo enieni pamene mwaima: likatengedwa pakhonde la woyankha, lalozera nyumba yake ngakhale dzina mulibe. Lichotseni, kapena malo atengedwe pasukulu ya m'mudzimo. Chimodzimodzinso malo a kachisi, manda a mafumu ndi ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, zonga zimene zili m'nkhalango ya Kasungu. Mapu a malo otero apite ku nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale ya Museums and Monuments, osati m'lipoti loikidwa pa intaneti pomwe ofukula ndi ogula zakale angawerenge. Madzulo aliwonse mawu ojambulidwa asamutsidwire pa kompyuta imodzi yokhala ndi pasiwedi, afufutidwe mu rekoda. Ndipo musakasindikize mafomu odzaza pa shopu ya fotokope ya pa boma; fayilo imatsala pa kompyuta yawo.

Pofika polemba lipoti, kuchotsa dzina sikokwanira. Mukalemba kuti "namkungwi wa zaka 70 wa mudzi wakuti", mwamutchula, chifukwa m'mudzimo namkungwi wa msinkhu umenewo ndi mmodzi. Lembani "mayi wachikulire, Kasungu". Pa tebulo la ziwerengero, bokosi lokhala ndi anthu osakwana asanu liphatikizidwe ndi lina. Mfumu yoyankhula pa udindo wake ikhoza kutchulidwa, koma iwerengeredwe kaye mawu ake ivomereze. Munthu akatchula mnzake kuti ndi mfiti kapena anaba malo, dzina la wotchulidwayo lichotsedwe, pakuti iyeyo sanalole kalikonse ndipo sanalipo kuti adziyankhire. Kumbukiraninso kuti lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata za boma. Fayilo ikakhala yopatulidwa kale, ofesala amapereka maganizo a anthu osapereka anthuwo.

Chikwama kapena laputopu ikatayika, lamulo likuti a MACRA adziwitsidwe pasanathe maola 72 chidziwikireni. N'chifukwa chake mafomu aziwerengedwa pochoka pamudzi ndi pofika ku ofesi, anthu awiri n'kusaina. Popanda zimenezo simudziwa n'komwe kuti china chasowa. Eni mayina nawonso auzidwe, mwakachetechete, osati pabwalo.

Tsiku lowononga lilembedwe ntchito isanayambe. Mawu ojambulidwa, kwa ine, asapitirire miyezi itatu zolembedwazo zitatsimikizidwa, pokhapokha mwini atalola padera kuti asungidwe ngati mbiri ku National Archives ku Zomba. Kiyi iwonongedwe lipoti likangotuluka. Mapepala a malipiro okha ndiwo atsale kudikira owerengera ndalama za boma. Mafomu asaponyedwe m'katoni kuseri kwa ofesi, chifukwa mapepala otero amathera kumsika kukulungira mtedza ndi mandasi. Adulidwe ndi makina kapena atenthedwe mpaka phulusa, anthu awiri akuonerera, alembe tsiku ndi chiwerengero cha mafomu amene apsa.